Minda yokopa nyama zakutchire ku Lifupa

Munda wokopa nyama zakutchire ndi malo amene munthu amadzalapo mbewu kapena kusamalirapo msipu, osati kuti adzakolole, koma kuti nyama zizolowere kudzadya pamalo amodzi pomwe mlenje angazipeze mosavuta. Minda yotere ndi yofala ku United States, komwe amaitcha food plots, komanso m'mafamu oweta nyama zakutchire ku South Africa. Ku Malawi si yofala, ndipo ku Lifupa, komwe kuli mkati mwa Kasungu National Park, lamulo limaletsa kulima ndi kusaka komwe. Ngakhale zili choncho, ku Lifupa munthu angathe kuona bwino chimene chimachititsa kuti minda yotere igwire ntchito: m'chilimwe nyama imalondola madzi ndi chobiriwira kulikonse kumene zili. Zimene zimakoka nyama m'derali ndi msipu wophuka pa lupsa, damu la Lifupa, ndi minda ya alimi a m'malire mwa paki, imene nyama zimadya eni ake asanaziitane.

Malo ake

Lifupa ndi dzina la kamtsinje, damu ndi malo ogona alendo chakummwera kwa paki ya Kasungu. Wochokera m'tauni ya Kasungu amayenda makilomita oposa 50 kulowera kumadzulo, n'kudutsa pachipata cha Lisitu. Pakiyi ndi yaikulu masikweya kilomita 2,316, ndipo ndi yachiwiri ku Malawi, yoyamba ndi Nyika. Kumadzulo kwake yachita malire ndi Zambia, pafupi ndi paki ya Lukusuzi. Mitsinje yake ikuluikulu ndi Dwangwa ndi Lingadzi.

Kale m'derali munali midzi. Boma la atsamunda linasamutsa anthu chifukwa cha matenda a kaodzera, amene amafalitsidwa ndi ntchentche za kashembe. Mu 1922 malowa anakhala nkhalango yotetezedwa ya Fort Alston, mu 1930 anakhala malo osungirako nyama, ndipo mu 1970 anakhala paki. Ng'anjo zosungunulira chitsulo, zojambula pamiyala ndi mabwinja a malinga zikadalipo mpaka lero.

Kummawa kwa paki kuli dziko lathyathyathya lolimidwa fodya, m'madera a mafumu monga Chulu, Lukwa ndi Kawamba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Kasungu muli anthu oposa 840,000.

Njala ya m'chilimwe

Mvula ku Kasungu imayamba mu Novembala kapena Disembala n'kutha mu Malichi kapena Epulo, ndipo pachaka imagwa mamilimita pakati pa 750 ndi 1,000. Miyezi yotsalayo kumakhala kouma. Nthaka yambiri ndi yamchenga, yochepa chonde, ndipo pamamera nkhalango ya miombo yodulidwadulidwa ndi madambo.

Wongoyang'ana angaganize kuti nyama za kuno sizisowa chakudya, poti tsekera amatalika kuposa munthu. Koma udzu wautali ukakhwima n'kuuma umakhala wabwino kufolera nyumba, osati kudya. Nyama zobzikula monga njati, mphalapala ndi mphoyo zimafuna chakudya chokhala ndi mapuloteni osachepera magawo 7 pa 100 kuti m'mimba mwake mugaye bwino. Udzu wouma wa m'chilimwe umatsika mpaka magawo 2 kapena 4 pa 100, pamene masamba a khobwe amafika pafupifupi magawo 20. Ndiye kuti nyama ikhoza kuima pakati pa udzu wambirimbiri n'kumaonda. Richard Bell, katswiri wa zanyama amene anachita kafukufuku ku Kasungu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, anafotokoza kuti mitundu ndi kuchuluka kwa nyama m'dera sizidalira mvula yokha koma chonde cha nthaka. Iye pamodzi ndi Hugo Jachmann analembanso mu 1985 za mmene njovu za ku Kasungu zimadyera miombo. Njovu ikagwetsa mtengo, chitsa chimaphuka mphukira zambiri pamsinkhu umene chitamba chimafikira, moti tinganene kuti nayo imadzikonzera pokadya.

Choncho kuyambira mu Juni mpaka mvula yoyamba, kamalo kalikonse kobiriwira kamakhala ngati nyambo. Njalayi imachepako mu Seputembala ndi Okutobala miombo ikatulutsa masamba ofiira atsopano, koma zimenezi zimathandiza nyama zodya masamba monga ngoma ndi gwape. Zodya udzu zimadikirabe.

Mmene amachitira kunja

Ku United States alenje ndi eni malo amalima timinda, kawirikawiri ta hekitala imodzi kapena zingapo, pofuna kukopa agwape a kumeneko ndi mbalame. Aldo Leopold, m'buku lake la mu 1933 lotchedwa Game Management, anaphunzitsa kuti nyama zosaka zikhoza kuchulukitsidwa pokonza chakudya, madzi ndi pobisala. Kummwera kwa Texas, komwe mvula ndi yosadalirika, amadzala khobwe, nkhungudzu ndi mapira m'nyengo yotentha. Mbewu zitatu zonsezi kwawo ndi ku Africa, ndipo mlimi wa ku Kasungu angadabwe kumva kuti kuli anthu amene amazilimira nyama zakutchire. Kuti mbewu zipirire chilala, amagawula msanga kuti nthaka isunge chinyezi, amatalikitsa mizere, amapalira, ndipo nthawi zina amatchinga kamundako mpaka mbewu zitakula, chifukwa nyama zikalowa msanga zimatha zonse zikadali zanthete. Otsutsa amati kusonkhanitsa nyama pamodzi kumafalitsa matenda, ndipo ena amati kuwombera nyama imene waizoloweretsa kudya si ulenje.

Ku South Africa lamulo la Game Theft Act la mu 1991 linapatsa mwini famu umwini wa nyama zakutchire zimene zili mumpanda wake wovomerezeka. Eni mafamu ambiri anasiya ng'ombe n'kuyamba kuweta nyama monga mphalapala ndi chilembwe. Amazikumbira zitsime, amazipatsa mchere wonyambita ndi msipu wa lucerne, kenako alenje olipira amadzasaka. Ku Zambia kusaka kwa chilolezo kumachitika m'madera apadera ozungulira mapaki, monga Lumimba m'chigwa cha Luangwa.

Kumene minda yotere yakhazikika, wolimayo amakhala ndi malo aakulu komanso ufulu wopindula ndi nyama imene yabwera. Mlimi wa m'mudzi ku Malawi alibe zonse ziwiri. Ambiri munda wawo supitirira hekitala imodzi, ndipo nyama si yawo.

Moto ndi msipu

Njira yakale yokopera nyama m'dera la Achewa sinali khasu koma moto. Nthano ya ku Kaphirintiwa imanena kuti anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere mpaka pamene munthu anapeka moto n'kuyatsa tchire. Nyama zinathawa, kupatula galu, mbuzi ndi zina zochepa zimene zinathawira kwa munthu. Matthew Schoffeleers, wansembe wa Katolika amene anafufuza za chipembedzo cha makolo ku Malawi, analemba kuti kale kutentha tchire kunali ndi nthawi yake ndi mwambo wake, ndipo kunkayenderana ndi uzimba komanso kupempha mvula.

Moto unkagwira ntchito ziwiri. Yodziwika kwambiri ndi ya pa uzimba, pamene amuna a midzi ingapo ankazinga tchire ndi agalu, mikondo, mauta ndi zibonga, moto n'kumavumbulutsa nyama. Ntchito inayo inali yakachetechete, ndipo ndi imene ikufanana ndi munda wokopa nyama. Mlenje amatentha kachigawo ka m'mphepete mwa dambo m'nyengo yachisanu, pamene udzu wauma pamwamba koma pansi chinyezi chikadalipo. Mizu siipsa. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, pa lupsa paja pamaphuka msipu wanthete, wobiriwira pakati pa tchire louma, ndipo mphoyo, mbidzi, njiri, akalulu ndi nkhanga zimayamba kufikapo m'mawa ndi madzulo. Phulusa limaonetsa mapazi bwinobwino, choncho mlenje amadziwa nyama imene yabwera, mbali imene yachokera, ndiponso ngati idzabwerenso. Sanagule mbewu, sanapalire. Abusa a ng'ombe amachita chimodzimodzi pofuna msipu wa ziweto zawo, pomwe anyamata osaka mbewa amatentha kuti aone mauna.

Panalinso nyambo zing'onozing'ono. Alenje ankabisalira nyama pansi pa mitengo ya masuku ndi maula zipatso zikamagwa. Ana ankamwaza mapira kapena gaga pansi pa diwa kuti agwire nkhwali ndi njiwa, kapena kutchera ulimbo pamadzi. Munda weniweniwo unalinso msampha: m'mbali mwa munda wa mtedza kapena chinangwa ankakumba mbuna panjira ya nguluwe, ndipo nguluwe yogweramo inkabweza ndi nyama yake zimene yawononga. Malamulo a zanyama a atsamunda, makamaka a m'zaka za m'ma 1920, anayamba kuchepetsa ufulu umenewu.

Masiku ano moto ukugwiritsidwabe ntchito mkati mwa paki, koma ndi anthu a zolinga zosiyana. Ogwira ntchito ku nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire amatentha zigawo zina msanga, udzu usanaumitsitse, kuti moto ukhale wozizira. Moto wotere umangodya udzu n'kusiya mitengo, umadula njira ya moto woopsa wa mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo umatulutsa msipu umene umasunga nyama pafupi ndi pomwe alonda ndi alendo ali. Opha nyama mozemba nawonso amayatsa, kutali ndi makampu a alonda, kenako n'kutchera makhwekhwe a waya panjira zopita ku msipu ndi kumadzi. Ena amagwiritsa ntchito mfuti za gogodela. Khwekhwe ndiye woipitsitsa chifukwa sasankha. Wotcherayo amafuna gwape, koma waya amagwira fisi, nyalugwe, m'mbulu kapena chitamba cha mwana wa njovu, ndipo nyama zambiri zimaolera pomwepo mwini msampha asanabwere.

Moto wochedwa umapwetekanso anthu a m'midzi omwewo. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, boma linayamba kulola anthu ozungulira paki ya Kasungu kulowa mwachilolezo kukatola matondo ndi kupachika ming'oma ya njuchi. Moto wa mu Okutobala umapsereza masamba atsopano a miombo amene matondo amadya, umathamangitsa njuchi, ndipo umatha udzu wofolera.

Damu la Lifupa

Damuli ndi lochita kumangidwa, ndipo limasunga madzi chaka chonse pamene timitsinje tambiri taphwa. Muli mvuu, ndipo njovu ndi nyama zina zimabwera kudzamwa. Mvuu imodzi imadya udzu wokwana makilogalamu pafupifupi 40 usiku umodzi, ndipo poti imadya malo omwewo mobwerezabwereza, udzu wa m'mphepete umakhala waufupi ndi wanthete, umene nyama zing'onozing'ono zimaukonda. Ndi chifukwa chake malo ogona alendo anamangidwa moyang'anizana ndi madziwo. Nzeru yake ndi yomwe ija ya mlenje wa pa lupsa, kungoti wodikirayo wanyamula kamera.

Minda ya m'malire

Chakudya chabwino koposa m'dera lonseli sichili mkati mwa paki. Chili kunja, m'minda ya anthu, mothiridwa feteleza ndi mopaliridwa.

Ulimi wa fodya unakula kwambiri ku Kasungu kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene kunakhazikitsidwa Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, ndipo m'nthawi ya Dr. Hastings Kamuzu Banda maesiteti anatsegulidwa ambiri. Matenanti anabwera kuchokera m'maboma ena. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale. Fodya amadya mitengo: wowotcha m'mabani amafuna nkhuni, wa bale amafuna milimo ya zigafa. Tchire limene linali pakati pa midzi ndi paki linatha pang'onopang'ono, moti lero m'malo ambiri mzere womaliza wa chimanga uli pafupi ndi mtengo woyamba wa paki.

Njovu sizikonda fodya, zimangomupondaponda podutsa. Zimene zimafuna ndi chimanga, mtedza, maungu, mbatata, chinangwa, nthochi ndi nzimbe. Apa pali vuto limene silitchulidwa kawirikawiri: mlimi akamvera uphungu woti achepetse fodya n'kulima mbewu zina monga mtedza ndi chimanga chambiri, munda wake wa m'malire umakhala wokoma kwambiri kwa nyama kuposa kale. Nyama zimalowa m'minda kwambiri kuyambira mu Febuluwale, chimanga chikayamba kukhwima, mpaka nthawi yokolola. Zikatero zimatembenukira kumadimba, amene m'chilimwe amakhala obiriwira okha m'dera lonse ndipo ali pamadzi. Njovu zina zimaphunzira kugumula nkhokwe ndi nyumba zosungiramo matumba. Mango akapsa zimabweranso. Nguluwe, anyani, apusi ndi nungu zimawononga pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndipo alimi ambiri amazidandaula chaka ndi chaka. Njovu ikhoza kubwera kamodzi kokha, koma gulu limodzi limatha munda wa banja usiku umodzi.

Alimi amalondera. Amamanga zilindo, amasonkha moto, amaimba zitini ndi ng'oma, amawalitsa matochi. Ena amapaka tsabola wosakaniza ndi oilo wakale pansanza n'kuzipachika pachingwe, kapena kufukiza tsabola wosakaniza ndi ndowe. Mpanda wa ming'oma ya njuchi, umene Lucy King wa bungwe la Save the Elephants anauyesa ku Kenya, umathandiza pomwe njuchi zakhazikika, koma m'chilimwe chouma njuchi zimasamuka nthawi imene zikufunika. Kulondera kuli ndi mtengo wake. Wogona kumunda amalumidwa ndi udzudzu, masana sagwira bwino ntchito, ndipo ana amachedwa kusukulu poopa kukumana ndi njovu m'mamawa.

Njovu za mu 2022

M'zaka za m'ma 1970 paki ya Kasungu inali ndi njovu zoposa 1,000. Kupha njovu chifukwa cha minyanga kunazitsitsa mpaka pafupifupi 50 pofika 2015, chaka chomwenso Malawi ndi Zambia anasainirana pangano losamalira pamodzi malo a nyama a m'malire mwawo. Mu Juni ndi Julayi 2022, nthambi ya boma yoona za mapaki, mothandizana ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW, inasamutsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu, pamodzi ndi nyama zina 431 monga njati, nswala, mphalapala ndi njiri. Paki ya Liwonde ndi yotchingidwa ndi mpanda wamagetsi kuzungulira. Ku Kasungu mpanda unali usanathe kumbali ya kummawa, ndipo kumalire a Zambia kunali kotsegula.

Chiyambire nthawi imeneyo anthu angapo aphedwa ndi njovu ku Malawi ndi ku Zambia komwe, ndipo minda yambiri yawonongeka, kuphatikizapo m'maboma a Lumezi ndi Lundazi. Mu 2025 zinamveka kuti maloya a ku Britain a kampani ya Leigh Day akuimira ena mwa okhudzidwawo pofuna chipukuta misozi kuchokera ku IFAW. Bungweli linakana kuti linalakwa. Ntchito yomanga mpanda wamagetsi kummawa inapitirira njovuzo zitafika.

Munthu angafunse chifukwa chake boma silingolimira njovu munda wawo mkati mwa paki kuti zisatuluke. Masamu ake sakwana. Njovu yaikulu imadya makilogalamu pafupifupi 150 patsiku. Njovu 263, zitakhala zonse zazikulu, zingadye matani oposa 39 tsiku lililonse, osawerengera zimene zinalimo kale. Munda wokwanira chakudya chotere ungafune nthaka yaikulu ndi madzi othirira m'miyezi imene madzi kulibe. Choopsa china n'chakuti njovu imene yalawa chimanga siiwala, ndipo ana ake amaphunzira kwa iyo. Munda wa nyambo ukatha, gululo lingangopitirira kuminda ya anthu. N'chifukwa chake alangizi ambiri amalimbikitsa zosiyana ndi nyambo: kudzala mbewu zimene njovu sizikonda, monga tsabola, adyo ndi anyezi, m'mizere yoyandikana ndi malire, chimanga n'kukhala mkati. Uphunguwu ndi wosavuta kunena, koma wovuta kwa banja limene munda wake wonse uli m'malire, chifukwa tsabola sachita nsima ndipo msika wake suli pafupi.

Lamulo

Lamulo loona za mapaki ndi nyama zakutchire la mu 1992 limati nyama zonse zakutchire zili m'manja mwa mtsogoleri wa dziko m'malo mwa Amalawi onse. Mkati mwa paki n'koletsedwa kusaka, kulima, kuyatsa moto kapena kubweretsa mbewu popanda chilolezo. Lamuloli litakonzedwanso mu 2017, chilango chinakwera kufika zaka 30 m'ndende kwa wopezeka ndi mlandu wokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere. Choncho mlimi amene angadzale khobwe kapena mbatata m'malire n'cholinga chokopa nyama za m'paki kuti azikole akhoza kumangidwa, ngakhale mundawo ndi wake. Munthu amaloledwa kudziteteza moyo wake ukakhala pangozi, koma ayenera kukanena msanga kwa alonda a nyama, ndipo minyanga ndi ya boma.

Lamulo silikakamiza boma kulipira mlimi amene mbewu zake zadyedwa. Chimene mlimi angachite ndi kudziwitsa alonda, amene amabwera kudzathamangitsa nyamazo, ndipo nthawi zina amapha imene yaopsa kwambiri. Anthu ozungulira paki ali ndi bungwe lawo la KAWICCODA, limene limalumikizana ndi akuluakulu a paki pankhani za phindu ndi madandaulo. Kutsidya kwa malire, bungwe la COMACO, limene Dale Lewis analiyambitsa ku Zambia mu 2003, limalandira mfuti ndi makhwekhwe kwa alenje amene asiya kusaka mozemba, n'kuwaphunzitsa ulimi wosamala nthaka ndi kuweta njuchi. Mtedza, mpunga, soya ndi uchi wawo limagula n'kuzigulitsa m'masitolo pansi pa dzina loti It's Wild!